Odzaona Alipire, Odzapemphera Alowe

Tinanyamuka kwathu kwa Maseya Loweruka m'mawa, dzuwa likungosuzumira, ine ndi azakhali anga a Esinati, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Azakhali anali atatchena kalekale: chitenje chatsopano, duku lachikasu, ndi nsapato zimene amasungira maukwati. Maso awo anachita ng'ala zaka zitatu zapitazo, moti amangosiyanitsa usana ndi usiku, komabe anandilamula kuti ndiwapatse galasi aone ngati duku lakhala bwino. Ndinawapatsa. Analigwira chotembenuza, naliyang'anitsitsa kumsana kwake, kenako anati duku lili bwino, tiyeni.

Ulendo unali wa ku tchalitchi chakale cha amishoni chimene chili pamwamba pa phiri, kuseri kwa boma la Nsanje. Amayi awo a azakhali, agogo anga amene ine sindinawapeze, anaumba nawo njerwa za tchalitchicho ali kamtsikana. Tsiku lina anadinda dzanja lawo pa njerwa yaiwisi, ndipo amisiri anaimangira m'khoma momwemo. Dzanjalo n'losasokoneza chifukwa chala chaching'ono chinali chodukira pakati, chikwakwa chinachidya akumweta udzu. Agogowo anamwalira azakhali ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Njerwa ija azakhali anaiona kamodzi kokha, amayi awo atawatengera kumeneko. Ndiye mwezi watha mayi wina wogulitsa nsomba anatiuza kuti makoma a tchalitchicho ayamba kufumbutuka, ndipo awapaka simenti mvula isanagwe. Kuyambira tsiku limenelo azakhali sanandipatsenso mtendere.

Ine ndine Lonesi, ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anthu amati ndine wouma manja, ine ndimati ndine wosamala. Kutseka benchi yanga Loweruka lathunthu kunandiwawa, koma ndinali wosangalala ngati mwana wopita kutauni koyamba, ndipo sindibisa.

Njinga zamoto ziwiri zinatitula pa msewu wa tara, K1,500 munthu mmodzi. Azakhali anakana kugwira mnyamata wa kabaza m'chiuno, ati ndi mwamuna wa mwini. Anamugwira kolala ya malaya njira yonse ngati akupita naye kupolisi.

Cha m'ma seveni tinapeza minibasi ya ku Nsanje. Kondakitala anati K10,000 aliyense. Ndinayesa kunenerera, ndikumuuza kuti azakhali saona, sayang'ana pawindo, ndiye awachotsereko. Mnyamatayo anaseka chikhakhali, nati m'galimoto mwake amalipiritsa mpando, osati maso. Ndinalipira ndikung'ung'udza, osadziwa kuti kumene tikupitako ndiko amalipiritsa maso.

Azakhali safuna wowauza pamene tafika, mphuno zimawauza. Titayandikira Nchalo ananunkhiza kawiri n'kulengeza kuti nzimbe azitentha dzulo. Pa Ngabu anati ng'ombe za kuno zikadali zambiri. Tisanafike n'komwe pa Bangula anali atamva kale nsomba, ngakhale kuti apo ndiye anabera, chifukwa bambo amene anakhala kumbuyo kwathu anali ndi thumba la milamba youma. Pofika pamenepo minibasi yonse inali ikudziwa za agogo, za chikwakwa, ndi za simenti. Okwera anagawanika pawiri, ena akuti tiipeza njerwayo, ena akuti amisiri a masiku ano sachedwa akaona ndalama. Mayi wina anatipatsa masau kuti tizipukusa m'kamwa, ati ulendo wokaona amayi sayenda chimanjamanja.

Pa Bangula tinafika cha m'ma teni, ndipo dalaivala anatigulitsa kwa minibasi ina, imene inaima theka la ola kudikira kuti idzaze. Kunatentha moti mpando unkaotcha kudzera m'chitenje. Tinagula zitumbuwa zinayi ndi botolo la thobwa, zonse K1,200. Bambo wa milamba uja anatsikira pomwepo, ati akukakwera bwato la ku Makhanga. Anagwira dzanja la azakhali ndi manja awiri, nawauza m'Chisena kuti ayende pyadidi, ndiko kuti bwino, akawapatse moni amayiwo. Azakhali anathokoza m'Chisena momwemo kuti takhuta, moni akafika.

Pa boma la Nsanje tinatsika dzuwa lili paliwombo. Anyamata a njinga zamoto anati kukwera phiri ndi K4,000 munthu mmodzi, ndipo adzatidikira mpaka fili koloko, osapitirira, chifukwa msewuwo safuna kuutsika mochedwa. Msewu wake ndi wa miyala yokhayokha, wokhotakhota, koma tikukwera mphepo inayamba kuzizira. Nditacheuka ndinaona Shire ali phee kumunsi, madambo akubiriwira mpaka kutsidya. Ndinakuwa kuti ndiwafotokozere azakhali, koma iwo anali kutsogolo, kolala ya mnyamata ili m'manja, akuimba nyimbo ya kusukulu ya ubwana wawo, n'kumaluluta njinga ikadumpha mwala. Ndinaseka mpaka misozi, fumbi likulowa m'kamwa.

Tchalitchicho chimaonekera mwadzidzidzi ukangokhota pa mitengo ya mango: njerwa zofiira, nsanja yaitali ya belu, malata adzimbiri, ndi manda angapo a amishoni pambali. Pafupi ndi khomo panali mulu wa mchenga ndi matumba a simenti. Ndinawaona, koma azakhali sindinawauze.

Pakhomo panali tebulo, ndipo panakhala mkulu wa mpingo, bambo wachikulire wovala jekete ngakhale kunali dzuwa. Dzina lawo anati ndi a Dinyero, dzina limene kwathu kuno limatanthauza ndalama, ndiye ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Pamwamba pawo panali chikwangwani cholembedwa ndi penti yoyera: ODZAONA K2,000. ODZAPEMPHERA ULERE. Mkati amayi a kwaya anali akuphunzira nyimbo za mawa lake, ndipo anthu a m'mudzimo ankangolowa n'kutuluka, kupereka moni basi. Atsikana awiri a m'tauni okhala ndi mafoni akuluakulu ndiwo anali akulipira.

Ndinanong'oneza azakhali kuti akafunsidwa anene kuti tabwera kudzapemphera. Anagwedeza mutu ngati amva.

"Takulandirani, mama," anatero a Dinyero. "Mwabwera kudzaona kapena kudzapemphera?"

"Kudzaona," anayankha azakhali mokweza. Ndinawatsina pamkono, iwo anandimenya dzanja. "Ndabwera kudzaona amayi anga."

A Dinyero anaimirira mwaulemu, nafunsa kuti amayiwo akudwalira nyumba iti, kuti atiperekeze. Anayang'ananso imvi za azakhali, ndipo ndinawaona akuwerengera chamumtima kuti mayi wobereka munthu wotere angakhale ndi zaka zingati. Ndinawafotokozera za njerwa. Apo m'pamene anayang'anitsitsa maso a azakhali, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Nkhabe, mama, ayi," anatero. "Ine ndilipiritse maso amene sakuona? Lowani ngati wodzapemphera."

Azakhali anakana. Anati kupemphera amapemphera kwawo tsiku lililonse, mwaulere, ndipo sanakwere njinga ziwiri ndi maminibasi awiri kuti adzayambe kunama pakhomo pa tchalitchi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika ndalama yawo patebulo. Ine ndinafunsa ngati palibe mtengo wapadera wa munthu amene maso ake akugwirira ntchito anthu awiri. A Dinyero anati woteroyo amayenera kulipira kawiri, ndiye ndinalipira msanga asanaganize bwino.

Potipatsa timapepala tathu tolowera, a Dinyero anafotokoza mwamanyazi kuti mpingo unakangana miyezi yambiri usanaike chikwangwanicho. Ena ankati nyumba ya Mulungu si holo ya kanema. Koma alendo ojambula zithunzi anachuluka, makoma akugwa, ndipo chopereka cha alimi a mapira sichingagule simenti. Anati mbali ya abambo amaliza kale kupaka, mbali ya amayi ayamba Lolemba. Azakhali anaomba m'manja n'kuseka, ati ndiye kuti agula okha simenti yokwirira amayi awo kachiwiri.

Mkati munali mozizira, mukununkha mileme ndi simenti yaiwisi. Khoma la kumanja linali lotuwa, losalala, lopanda chilichonse. La kumanzere linali likadali njerwa. Azakhali anati akukumbukira bwinobwino: mbali ya amayi, kupitirira windo lachitatu, molingana ndi phewa. Ndinawatsogolera kumeneko, ndipo anayamba kupapasa njerwa imodziimodzi, ine ndikuyang'ana.

Amayi a kwaya anaimba vesi limodzi maso ali kwa ife, lachiwiri linawakanika. Atamva nkhani anasiya mabuku pa mabenchi, onse khumi ndi awiri, n'kuunjikana pakhoma. A Dinyero anasiya tebulo lopanda mlonda. Atsikana a m'tauni aja anayatsa matochi a mafoni awo. Mayi wina anakuwa kuti wapeza, tonse tinathamangira, koma linali phazi la nkhuku. Wina anapeza la galu, azakhali anati ameneyo si mbale wawo. Tinaseka mpaka mileme inauluka kudenga, ndipo mayi wotsogolera kwaya anatikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma ola linatha. Tinayang'ana kuyambira windo loyamba mpaka lomaliza, molingana ndi phewa, pamwamba pake pang'ono, pansi pake pang'ono, dzanja osaoneka. Kuseka kunazilala. Panja anyamata a njinga anayamba kuliza mahutala. Ndinayang'ana khoma lotuwa lija ndipo ndinachita mantha kuti mwina azakhali anasokoneza kumanja ndi kumanzere, agogo ali kale pansi pa simenti. Azakhali anatsitsa manja. Nsonga za zala zawo zinali zitafiira ndi fumbi, ndipo ndinawamva akudziuza okha kuti kapena analota, poti anali mwana.

Miyendo inawatopera. Sanapemphe benchi, anangotsetsereka n'kugwada pomwepo pansi pa windo lachitatu, dzanja atatsamiza kukhoma kuti asagwe. Kenako dzanja lija linayamba kupapasa pamalo amodzi.

"Lonesi," anandiitana chapansipansi. "Tabwera uwerenge zala."

Ndinawerama. Dzanja lawo linali litalowa m'kadzenje ka pa njerwa yakuda, kuseri kwa benchi. Atalichotsa ndinawerenga: zala zinayi, ndi chachisanu chodukira pakati. Phewa limene azakhali ankanena linali la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tonsefe, anthu oposa khumi ndi asanu a maso athu abwinobwino, tinakhala ola lathunthu tikufufuza pa phewa la munthu wamkulu.

Azakhali anabwezeranso dzanja lawo pamenepo. Silinakwane, zala zawo zinapitirira mbali zonse.

"Amayi," anatero, "ndakula kukuposani."

Mayi wina analuluta, ena anatsatira, kenako kwaya inayamba yokha nyimbo ija inawakanika poyamba, motsitsa mawu. Azakhali anakhala chigwadire, milomo ikuyenda. Ine ndinalira, ndipo sindinadzibise. Atsikana a m'tauni anazimitsa mafoni.

Nyimbo itatha a Dinyero anapita kutebulo n'kubwerako ndi ndalama ya azakhali ija. Anagwada pambali pawo n'kuiika m'dzanja lawo.

"Mwagwada, mama, ndakuonani ndi maso angawa. Ogwada salipira."

Azakhali anaipapasa ndalamayo, naibweza m'thumba la jekete lawo.

"Sungani, bambo. Ine ndinalipira kudzaona, ndipo ndaona."

A Dinyero anaisiya m'thumba momwemo. Anatuma mayi wina kukatenga khala kukhitchini, ndipo anazunguliza njerwayo ndi mzere wakuda, n'kulemba pambali kuti PANO AYI. Anati Lolemba adzaima pomwepo okha mpaka amisiri adutse. Ine ndalama ya kwanga sindinaifunse, ngakhale kuti nanenso ndinali nditagwada. Amene amandidziwa akamva zimenezi sakhulupirira.

Tinatsika phiri fili koloko itapitirira, anyamata akudandaula, ndipo tinagona kwa msuweni wanga pa boma. Mawa lake minibasi inatitenga K10,000 yomwe ija, ndipo sindinanenerere. Njira yonse ndinkaganiza za chikwangwani chija. Anachilemba bwino, ndipo simenti ikufunikadi, koma munthu amatha kulowa pakhomo paja ali wodzaona n'kutuluka atapemphera, ndipo a Dinyero alibe kapepala ka munthu wotero.

Kwathu tinafika masana. Mayi woyandikana nafe nyumba anatichingamira pa mpanda, natifunsa monga mwa mwambo kuti tawasiya bwanji kumene tinapita. Azakhali anavula nsapato zawo za maukwati, nakhala pakhonde.

"Amayi ali bwino," anatero. "Angochepa thupi pang'ono."