Tsiku Limene Adokotala Anapempha Khasu

Nditangokwatiwa ku Dambe, zaka zomwe akazi tinkaletsedwa kuvala buluku, kuchipatala kunabwera adokotala aakazi ochokera kunja, ogwira ntchito mongodzipereka. Mpingo umene unawatumiza unawalamula kuti Loweruka lililonse azipuma. Ine ndinkafunitsitsa kuona mmene dokotala amapumira.

Loweruka lina anatulukira kumunda kwanga kwa mbatata, chitenje atamanga mosalimba, n'kupempha khasu.

"Kodi adokotala, kupuma kwake n'kumeneku?" ndinafunsa.

"Eya mayi, mbatata sindiifunsa pamene pakupweteka," anayankha m'Chichewa chawo chopotoka.

Anaunga mizere iwiri yokhotakhota, manja n'kutuluka matuza. Ndinatenthetsa madzi n'kuwathowa manjawo, iwo akundiyang'anitsitsa ngati mwana wasukulu. Atapita, ndinaiwongola mizere ija mwakachetechete.