Khutu la Mandevu

Chizindikiro choyamba chinali kukanda. Linali Lolemba, nyengo yozizira ija ya kuno kumapiri a Ntchisi, pamene ndinaona Mandevu, kalulu wathu, akukanda khutu lakumanzere mosalekeza. Ndinangoti ndi utitiri basi.

Mandevu si wa ndiwo ayi. Ndi wa mtundu uja wa makutu ogwa, olendewera ngati fodya wofota. Anatibweretsera ndi mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito ku Dowa, amuna anga atangodwala sitiroko. Dzanja lawo lamanja linafa, pakamwa panapindika, ndipo anasiya kucheza ndi anthu. Koma tikawaikira kaluluyu pamiyendo, zala zija zinkayesa kugwedezeka. Phala ankadya pokhapokha Mandevu ali pomwepo.

Lachitatu Mandevu anasiya chisoso ndi kholowa osakhudza. Lachisanu mutu unapendekera kumanzere, ndipo akati ayende ankangozungulira pamalo amodzi mpaka kugwa. Akalulu athu akumudzi akadwala timawadziwira makutu, amagwa. Nanga uyu woti makutu ake ndi ogwa kale? Kunena zoona, miyezi yonseyo sindinatukulepo khutu lake kuti ndione m'kati.

Anansi anayamba kunong'onezana kuti kalulu wozungulira chonchi ngwotumidwa. Loweruka alamu anga anafika ndi mpeni, ati timuphe asanafe yekha, ndiwo zingawonongeke. Ndinagwidwa ndi mantha, poti amuna anga anali atakana chakudya masiku awiri, maso ali pa kaluluyo. Ali pampando wawo, amuna angawo anayankhula movutikira: "Ine nditapindika, munandipha?" Alamu anabweza mpeni m'thumba.

Lolemba linalo ndinamuika m'katoni n'kukwera kabaza mpaka ku ofesi ya alangizi a ziweto. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pabenchi limodzi ndi eni mbuzi ndi nkhumba, ena akundiseka. Alangizi atatukula khutu lija panatuluka fungo loti sindidzaliiwala. M'kati munali nkhanambo ndi mafinya okhaokha. "Mayi, mwachedwa," anatero. "M'khutu logwa simulowa mphepo, tizilombo timaswana osaoneka. Akapanda kudya masiku awiri akubwerawa, musadzavutikenso kubwera."

Anamubaya jakisoni, nandipatsa mankhwala odonthezera m'khutu. Kunyumba ndinkamumwetsa madzi ndi sirinji, masamba n'kumachita kum'sinjira. Tsiku loyamba analavula zonse. Tsiku lachiwiri chakumadzulo anakoka yekha tsamba la kholowa m'dzanja langa, ine misozi chuchuchu. Tinabwereranso kawiri kukabayitsa.

Lero Mandevu akudya ndi kudumpha, ngakhale mutu sunawongoke kwenikweni. Amuna anganso anayambiranso kudya. Inu amene mukuweta akalulu otere, tukulani makutu awo sabata iliyonse, muyang'ane, mununkhize, ndipo mukaona kukanda pitani kwa alangizi tsiku lomwelo. Ine ndinadikira sabata yathunthu, ndipo panatsala pang'ono kuti ndiike maliro awiri.