Dzimbiri Lomwe Ndinapala ku Romford

Chaka cha 2019 ndinali ndi zaka 71. Ndinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Romford, kwa mwana wanga wamkazi, namwino. Kwathu ku Limbe ndinawongola ndi kupenta magalimoto zaka makumi anayi. Kuno manja anga ankangogwira kapu ya tiyi.

Kunyumba yachitatu kuchokera pathu kunkakhala mzungu wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito. M'galaja mwake munali galimoto yakalekale, mtundu womwe eni ake amati hot rod. Denga analidula n'kulitsitsa. Injini inali pamtetete, yopanda boneti, yaikulu kuposa yomwe galimotoyo inabwera nayo. Akailiza, mawindo athu ankanjenjemera. Lamlungu ankakumana ndi anzake okonda zomwezo, n'kumasuzumirana mainjini ngati ogula ng'ombe pamsika.

Tsiku lina ndinamva injini ya mzunguyo ikulira motsimphina. Ndinamuuza kuti pulagi imodzi sikugwira. Anamasula, anapezadi momwemo.

"Achikulire, makutu amenewo mundigulitse," anatero akuseka. Mwezi usanathe anandipatsa kiyi wa galaja. Loweruka lililonse ndinkakhala ndi sipanala m'manja.

Injini inkawala, koma thupi lonse linali dzimbiri, ndipo pachitseko panali zilembo zofufutika. Ndinkaona ngati mwini wake akusowa mmisiri. Kwathu galimoto yadzimbiri imanyozetsa mwini ndi wokonza yemwe. Sindinamufunse. Mmisiri safunsa ngati dzimbiri lichoke.

Atamugoneka m'chipatala chifukwa cha bondo, ndinaganiza zomulandira ndi ulemu. Ndinapala masiku asanu ndi anayi. Ndinamata, ndinasalaza, ndinapaka penti yakuda. Munthu akanatha kumeta ndevu akudziyang'anira pachitseko chija.

Anabwera akuyendera ndodo. Anayang'anitsitsa chitseko cha galimotoyo.

"Dzina la bambo anga lili kuti?"

Zilembo zija analemba ndi malemu bambo ake, ndi dzanja lawo, iye ali mwana. Dzimbiri ankalisunga dala, ankalipaka mafuta kuti lisadye chitsulo. Anzake ankabwera kuchokera kutali kudzaona lomwelo.

"Zonyezimira zadzadza mumsewu," anatero. "Yokalamba chonchija inali imodzi."

Ndinamuuza kuti ntchito yangayo ilibe banga.

"Ilibedi," anayankha. Kenako anatambasula dzanja, ine ndinaikamo kiyi.

Mwana wanga atamva anagwira kumutu. "Adadi, inunso! Pitani mukapepese."

Ndinapita. Ndinapepesa za dzina. Za penti sindinapepese, ndipo mpaka lero ndikunena kuti inali penti yabwino. Iye anangogwedeza mutu, chitseko cha galaja chili chotseka kumbuyo kwake. Galimotoyo imadutsabe pathu Lamlungu. Pulagi ina yayambanso kuvuta, ndimaimva ndili m'nyumba.

Zomwe zinatayika ndi izi: dzina limodzi la munthu womwalira, dzimbiri la zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, kiyi mmodzi, Loweruka lililonse kuyambira pamenepo, ndi mnzanga mmodzi yekha yemwe ndinali naye m'dziko muno.