Fungo la Pansi pa Pikapu ya Abwana

Ndinali makaniko pa galaja ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo pamene kunabwera wachiwiri kwa manijala watsopano, matipati atangoyamba kumene. Anali munthu wakwathu konkuno, wophunzira, mkulu wa mpingo, koma wokonda kuonekera. Atapatsidwa pikapu yoyera yokoka ndi matayala onse anayi, anapita nayo ku Limbe kumene anakaiika zitsulo pansi kuti ikwere m'mwamba. Inabwerako ili neng'a ngati khola la nkhunda. Iwo ankati n'chifukwa cha matope a m'minda, koma ife tinkadziwa kuti akufuna aziyang'anira pansi anthu otchola tiyi.

Mwezi usanathe galimoto ija inayamba kunjenjemera. Ikathamanga pa tala wopita ku Boma, mpando unkagwedezeka mpaka mano kugundana. Dalaivala wake anali bambo wachikulire wa ku Khonjeni, munthu wofatsa, amene anayamba kuyendetsa malole a pa esitetipo ine ndisanamere ndevu. Bambowo anawauza abwana kuti vutoli layamba chiikwezereni galimotoyo. Abwana anapsa mtima, nati madalawo ali ndi kaduka ndipo aithira galimoto mankhwala. Anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo.

Patatha milungu iwiri abwana anabweretsa galimotoyo kwa ine, kunjenjemera kutanyanya.

"Amisiri, taonani matayalawa," anatero abwana, n'kundiponyera makiyi.

Ndinasinthanitsa matayala koma panalibe chosintha. Ndinatsetsereka nayo pa chitunda cha ku fakitale nditachotsa giya, injini ikungolira pang'onopang'ono, koma inkanjenjemerabe. Apo ndinadziwa kuti injini ilibe mlandu. Chotsala chinali shafuti, chitsulo chachitali chimene chimazungulira kunsi kwa galimoto kupereka mphamvu ku matayala akumbuyo.

Nditaiimika pa dzenje lokonzerapo galimoto n'kutsikira pansi, fungo linandiwomba kumaso. Ndinayesa kuti ndi galu wogundidwa. Nditawalitsa tochi ndinaona chimpukutu cha sanza yakuda chitamangidwa ndi waya pakati penipeni pa shafuti, chikuchucha timadzi. Nditadula wayayo chinaphulikira m'manja mwanga. Munali mutu wa nkhuku wowola, nyama itasanduka phala, pamodzi ndi mizu, masingano ndi tsitsi la munthu. Ndinatuluka m'dzenjemo chothamanga n'kukasanza kuseri kwa migolo ya oyilo. Ndinasamba ndi sopo, kenako ndi palafini, koma fungo linakanirira m'zikhadabo.

Ndinayamba kuganiza kuti mwina abwana ankanena zoona. Koma mlonda wa kunyumba kwawo, bambo wa msinkhu wanga, atamva nkhaniyi anangoseka. Anandiuza kuti abwana omwewo ndi amene anaitanitsa sing'anga kuti adzatsirike galimoto, dalaivala uja atachotsedwa kale. Sing'angayo ndiye anakwawira pansi n'kumangirira chinthucho, masana dzuwa likuswa mtengo. Kulemera kwake n'kumene kunanyanyitsa kunjenjemera.

Nditachichotsa kunjenjemera kwa galimoto kunachepa, koma sikunasiyiretu. Ndiye ndinamasula shafuti yakumbuyo yonse n'kuyendetsa galimotoyo ndi matayala akutsogolo okha. Inayenda myaa, ngati yatsopano. Nditaiika shafutiyo pa benchi ndinaona kuti timitanda ta kumapeto kwake, timene ife timati makulosi, tatheratu, girizi atauma gwa. Kukweza kuja kunachititsa kuti shafuti izizungulira itapendekeka kwambiri.

Abwana atabwera ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye mukuti wolakwa ndine?" anafunsa.

"Ayi bwana, ndikungonena zimene chitsulo chikuonetsa. Tiitsitse ibwerere mwakale, apo ayi tiike tizitsulo tochirikiza pa masipuling'i kuti shafuti iwongokeko."

"Ikani tizitsuloto. Galimoto sitsika."

"Nanga madala aja, bwana? Paja iwo ananena zomwezi."

Chimpukutu chija ndinali nditachiika pa lata pakona. Abwana anachiyang'ana, natseka mphuno ndi mpango, osafunsa n'komwe kuti n'chiyani.

"Lembani pa khadi la ntchito kuti makulosi anatha chifukwa choyendetsa mosasamala. Zinazo sizikukukhudzani."

Ndinali ndi ana anayi, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya kampani. Ndinalemba. Dzanja limene linagwira cholembera linali likununkhabe, ndipo sindinkadziwa chimene chinkandinyansa kwambiri, nkhuku ija, abwana, kapena ine mwini. Ndinaika makulosi atsopano ndi tizitsulo tija, galimoto n'kuchira. Abwana anandiyamikira pamaso pa manijala kuti ndine mmisiri weniweni.

Madala aja sanabwererenso pa ntchito. Ndinakumana nawo chaka chotsatira mumsika wa pa Boma akugulitsa nthochi, ataonda ndithu. Ndinafuna kuwazemba koma anali atandiona kale.

"Aphwanga, kodi matenda aja munawapeza?" anafunsa.

"Ndinawapeza, achimwene. Inali shafuti."

Anagwedeza mutu, n'kusankha phava lalikulu la nthochi kuti ndikawapatse ana. Ndinalandira ndi manja awiri. Za khadi lija sindinawauze, ndipo anamwalira asanazimve kwa ine.