Zala Zanga Pakhosi pa Amayi

Inu owerenga, mtima wanga suli m'malo. Ndine mtsikana wa giredi 12, koma pamene anzanga ali m'kalasi ku Chongwe, ine ndili kumudzi ku Bundabunda, m'manja muli matuza okhaokha. Amayi anga athyoka fupa la paphewa, ndipo amene anawagwetsa ndine, pofuna kuloweza Bayoloje.

Kuyambira kale ndimalakalaka unesi. Vuto langa linali kuiwala. Ndikawerenga za chifuwa, khosi ndi mutu, mayina ankathawa ndisanatseke n'komwe buku. Aphunzitsi athu, mayi wanthabwala, anatiuza kuti tisamangoyang'ana zithunzi, koma chiwalo chilichonse tizichigwira pathupi pathu n'kuchitchula dzina. Mafupa asanu ndi awiri a m'khosi anati tiziwawerenga ngati masiku a sabata, Lolemba pansi pa chigaza, kutsika mpaka Lamlungu. Za nthiti ndinapeka ndekha. Mbali iliyonse, zisanu ndi ziwiri zam'mwamba ndi zokwatiwa, chifukwa iliyonse ili ndi malo ake pafupa la pachifuwa. Zitatu zotsatira ndi zosungidwa kwa abale, zimangotsamira pa zinzake. Ziwiri zomaliza ndi mbeta, kutsogolo sizigwira paliponse. Kalasi lonse linafa ndi phwete, koma pamayeso palibe amene analakwa nthiti.

Apa m'pamene ndinayambira kudzimva. Thupi langa linandichepera, ndinayamba kugwira a anzanga. Kwa azakhali ku Silverest, komwe ndimakhala nthawi ya sukulu, ankanditcha ba Dokota, ndipo ine ndinkayankha ndithu.

Titatsekera mu Epulo ndinabwera kumudzi kudzathandiza kukolola. Panali chinthu chimodzi chimene chinkandizunguza: mitsempha ikuluikulu iwiri ya m'khosi, wina kumanzere wina kumanja kwa kholingo, imene imakweza magazi kupita kuubongo. Aphunzitsi anatisonyeza kamvedwe ka kugunda kwake ndi zala ziwiri. Anati mbali imodzi, mopepuka. Mawuwo ndinawamva, koma sindinafunse chifukwa chake, ndiye sanakhazikike m'mutu.

Tsiku lina masana tinali kumunda, titadzaza chimanga m'ngolo. Amayi anakwera n'kukhala m'mphepete mwa ngoloyo kuti apumeko, atate atapita kukatenga ng'ombe kudambo. Ndinaona khosi lawo likunyezimira thukuta, mtsempha ukuoneka bwinobwino kuposa m'buku.

"Mami, nibwerekeni khosi lanu pang'ono," ndinatero.

"Iwe, ine nine buku lako? Nalema, nisiye."

"Pang'ono chabe. Nikakhala nesi muzanyada."

"Unesi wa pangolo! Chita msanga, atate ako asanabwere."

Ndinakwera n'kuima patsogolo pawo. Wakumanzere ndinaupeza. Kenako ndinafuna kudziwa ngati yonse iwiri imagunda pamodzi, choncho ndinaika dzanja linalo kumanja. Zala zanga zinali zitauma ndi makoko a chimanga, sindinkamva bwino, ndiye ndinakanikiza kwambiri, nditatsinzina, ndikuwerenga chamumtima. Inu owerenga, sanadandaule, sanandikankhe. Ndinangomva khosi likufewa m'manja mwanga. Potsegula maso, maso awo anali atatembenuka, ndipo ndisanawagwire anagwa chammbali kuchoka pangolo, phewa n'kumenya pansi.

Amake Chipo, oyandikana nafe munda, anali ataona zonse ali chapatali. Anakuwa kuti, "Thamangani! Mwana akanyanga amake pakhosi!" Anthu anasiya chimanga n'kubwera. Ine ndinagwada pamenepo, mayina onse aja ali m'mutu, koma chochita ndilibe. Nthiti ndinkazidziwa zonse, koma kudzutsa munthu wokomoka sindinkadziwa. Patapita kamphindi amayi anatsitsimuka okha, akufunsa kuti tili kuti, mkono uli lende.

Atate atafika ndi ng'ombe, tinakhuthula chimanga chija pansi, n'kuwagoneka m'ngolo mpaka kumsewu, kumene tinapeza galimoto yopita kuchipatala cha kuboma. Anesi atandifunsa ndinanena zonse. Sanandikalipire. Anandifotokozera kuti ukakanikiza mbali zonse ziwiri magazi opita kuubongo amachepa, komanso pamalo omwewo pali kachiwalo kamene kakapanikizika kamachedwetsa mtima, makamaka kwa anthu achikulire. Anati tithokoze kuti lathyoka ndi fupa lopingasa la paphewa, osati khosi. Fupa limenelo ndinkalidziwa dzina lake, ngakhale lachingerezi, koma ndinachita manyazi kulitchula.

Pobwerera, nkhani inali itatitsogolera kale. Ena ankati masukulu a m'tauni amalowetsa ana zausatana. Kutchalitchi atsikana anzanga ankakweza makolala a malaya kubisa makosi ndikamadutsa, kenako n'kuseka. Atate zausatanazo sanazikhulupirire, koma anandiitana n'kunena mwachidule: "Wathyola dzanja la amako, chimanga chili kumunda. Uzakhala dzanja lawo mpaka chithe. Za sukulu tizakamba pambuyo."

Sukulu inatsegulidwa ine ndili pano. Ndimakolola, ndimatunga madzi, ndimaphika, ndimachapa. Ndikamva galimoto kumsewu ndimaimirira popanda chifukwa. Anzanga amanditumizira zithunzi za zimene aphunzira pafoni ya atate, koma netiweki imapezeka pachulu pokha, ndipo pofika pachulupo ndimakhala nditatopa, maso akulemera. Mayeso oyeserera akuyandikira. Azakhali anaimba foni kundipepesera, atate anangoti nthawi sinakwane. Ndikawerenga tsamba limodzi, maganizo amathamangira kwa anzanga amene adutsa masamba ambiri, ndiye ndimatseka buku, kenako ndimalitsegulanso.

Chondipweteka kwambiri ndi cham'mawa uliwonse. Amayi sangathe kumanga okha chitambala kumutu, ndiye ndimawamanga ndine. Manja anga akangofika kumbuyo kwa mutu, amadzidzimuka, mapewa n'kukwera, ululu n'kuwalasa. Kenako amaseka kuti ndisaone. Ndinawapepesa kambirimbiri, iwo amangoti, "Zinapita izo." Koma thupi lawo silinaiwale.

Dzulo tikutonola chimanga pabwalo, amayi ali chikhalire ndi mkono wawo womangidwa, anayankhula kwa atate osawayang'ana. "Mulekeni apite, atate ake. Akakhala pano ndiye kuti phewa langa lathyokera pachabe. Akaphunzire zokwanira, theka la maphunziro ili nilo linanigwetsa." Atate anatonola chitsononkho chonse. Kenako anati, "Mulu uyu ukatha, apite." Muluwo ndi waukulu, koma kuyambira pamenepo sindinapume, ndipo matuza sindikuwamvanso. Sindikudziwa ngati ndikawapeze anzanga kumene afika. Ndikayesa.

Inu owerenga, makamaka anzanga a sukulu ofuna unesi ndi udokotala, njira zolowezera si zoipa. Pekani nyimbo, jambulani zithunzi, gwirani nthiti zanu. Zimathandiza pamayeso, koma zimangokupatsani dzina la chinthu, sizikuuzani chimene chinthucho chimachita mukachikhudza molakwika. Aphunzitsi akati mbali imodzi, kwezani dzanja mufunse chifukwa chake, ngakhale anzanu akusekeni. Musakanikize munthu pakhosi mbali zonse ziwiri, kaya ndi masewera kaya ndi maphunziro. Ndipo amene mumamuyesererapo nthawi zambiri ndi amene amakukondani, chifukwa ndi yekhayo amene angalole. Amayi anga anati atopa, ndiwasiye. Ndikanawamvera.