Moto wa Kakyuleta pa Lilime Langa

Fungo la pulasitiki wopsa limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa bafa la udzu ndi mtengo wa nimu, pomwe mphepo ya mwera sinkafika kwambiri. Kwathu ndi m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Makokola. Chaka chimenecho Ramadani inagwa m'nyengo yozizira. Mwera unkawomba tsiku lonse, mchenga n'kumalowa m'makutu ndi m'mabokosi a zovala. Asodzi ankangokhala kumtunda akusoka maukonde, ndipo milomo yathu inkachita ming'alu.

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinatsimikiza mtima kumanga, kusala kudya usana wonse, mwezi wathunthu kwa nthawi yoyamba. Zaka zam'mbuyo ndinkamasula masana ngati ana anzanga. Amama anati ndisadzikakamize, koma ataona kuti ndikudzuka ndekha pa daku, chakudya cha m'bandakucha, anangondisiya. Ndinali mwana wosalankhula. Mlendo akandifunsa dzina ndinkayang'ana zala zakumapazi. Kumanga kunkandikomera chifukwa sikunkafuna mawu, ndipo sindinkafuna kuti ngakhale tsiku limodzi lindiwonongekere.

Ababa anali ku Joni. Munthu wina wa kwathu pobwera anatibweretsera katundu, ndipo m'katimo munali kakyuleta ya achemwali anga a Asiyatu, amene ankakonzekera mayeso a Fomu 4. Sinali ngati za m'magolosale zija. Inali yolemera, yaitali ngati patapata wa mwana, yokandikakandika chifukwa ababa anaigula kwa wina. Galasi lake linali lalikulu, moti achemwali akabaya manambala, pagalasipo pankayenda mzere wokhota ngati uta. Ankati kumayeso sakailola, koma kunyumba inkawaonetsa ngati magirafu awo a m'kope apita kolondola kapena asochera.

Vuto lake linali njala. Inkadya timabatire ting'onoting'ono ngati mtedza, ndipo ta pamsika tinkatha msanga. Tomaliza tinachucha m'katimo n'kusiya fumbi lobiriwira pa tizitsulo togwira mabatire. Achemwali anakhala masiku angapo akungoitembenuza m'manja. Kenako anati aichotsa ku mabatire n'kuipatsa moto wa sola. Tinali ndi sola yaing'ono yotchajira foni, yomwe tinkaiyanika padenga la bafa ngati usipa. Inalibe batire losungira moto. Dzuwa likawala inkagwira ntchito, likalowa inkagona.

Anandiitana kuti ndiziwagwirira. Sanandifotokozere zambiri, koma ndinkaona zonse chifukwa nkhope yanga inali pafupi. Ananola nsonga ya kampeni pamwala mpaka inakwana m'mitu ya tisikuluwu, ndipo kalikonse akamasula ndinkakaika m'chivundikiro cha botolo kuti mchenga usakameze. Atatsegula, m'kati munali kathabwa kobiriwira kokhala ndi tinjira tonyezimira, ndipo kalamba kopyapyala kankalumikiza galasi ndi kathabwako. Anandiuza kuti kalambako ndisakakhudze ngakhale ndi mpweya. Anadula chingwe cha tchaja chakale, nasenda mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Wofiira unayenera kupita pamene panali chizindikiro chophatikiza, wakuda pa chochotsera. Anabwereza mawu amenewa kangapo ngati akuloweza sura ya Kurani.

Chowotcherera chamagetsi tinalibe. Anasonkha makala pang'ono m'mbaula, naika msomali waukulu wokhomedwa ku kamtengo. Utafiira anaboola nawo chikuto cha kakyuleta kuti chingwe chidutse, ndipo ndi pamene utsi wakuda uja unandilowa m'mphuno. Mtovu wolumikizira anaupala pa kathabwa ka wailesi yakufa ya amjomba, amalume athu. Mwera unkaziziritsa msomali usanafike pawaya, choncho ndinkaimirira chakumphepo nditatambasula chitenje. Amama akudutsa ndi ndowa anafunsa ngati tikuphika futali masana, achemwali n'kuyankha kuti tikuphika masamu.

Dzuwa lili paliwombo analumikiza chingwe ku sola n'kubaya batani. Galasi linangokhala duu. Anabayanso, anapukuta sola, anaitembenuzira kudzuwa, koma osayaka. Achemwali anakhala pansi, manja ali pamawondo, akuyang'ana bowo lomwe anaboola pa mphatso ya ababa. Panalibe njira yodziwira ngati chingwe chinali choduka m'kati kapena ngati kakyuleta inali itapsa.

Njira inalipo imodzi, ya aliyense kwathu. Batire timaliyesa ndi lilime: likakuluma ndiye kuti muli moto. Koma tonse tinali titamanga, ndipo kudikira futali, chakudya chomasulira madzulo, sikukanathandiza, chifukwa dzuwa lotilola kudya ndi lomwelo lozimitsa sola. Achemwali anamatula mawaya aja n'kundiyang'ana.

"Mariamu, ndibwereke lilime lako."

"Ndamanga, achemwali."

"Moto si chakudya, iwe. Ungogunda basi."

Mumtima ndinafunsa kuti nanga iwo bwanji osagunda okha. Ndinaona maso awo atafiira, osati ndi utsi wokha. Ndinatseka maso n'kutulutsa lilime.

Chinandiluma ngati linthumbu, kenako m'kamwa monse munawawasa ngati ndadya bwemba wosapsa. Malovu anadzaza. Ndinalavula, ndinalavulanso, ndipo achemwali sanafunikire kundifunsa. Anati ngati moto ukufika, ndiye kuti fumbi lobiriwira lija ndilo likuutsekereza. Anapala tizitsulo tija ndi lumo mpaka tinawala, anatenthetsanso msomali, nalumikizanso. Ulendo uno pakona ya galasi panaoneka kabokosi kakuda kakuphethira. Anabaya manambala, mzere unatsika, unakhota, unakweranso. Achemwali anaseka chapansipansi n'kundisisita pamutu.

Ine sindinaseke. Kuwawasa kuja kunali kudakali pa lilime, ndipo chinthu chimene chili ndi kakomedwe ndinkachiona kuti ndi chakudya ndithu. Masana onse ndinkaopa kumeza malovu. Azana yoitanira kupemphero lamadzulo itamveka ndinadya chinangwa cha futali ngati munthu wosayenera kukhala pamkeka umenewo. Masiku otsatira ndinapitiriza kumanga, koma mwezi wanga ndinkauona uli ndi chibowo. Achemwali ankakhala m'munsi mwa bafa masana aliwonse, kope lili pamiyendo, chingwe chikulendewera kuchokera padenga. Nkhani ya lilime anali ataiwala. Amama sindikanawafunsa, chifukwa akanakalipira achemwali.

Ku madirasa ankatiphunzitsa Abiti Yusufu, mayi wamtali wa mawu okhuthala, amene ndinali ndisanalankhulepo naye kupatula pobwereza ndime limodzi ndi gulu. Masiku angapo ndinkatsalira ana ena akamatuluka, kenako n'kuthawa. Tsiku lina anandipeza ndili chilili pakhomo iwo akupinda mikeka, ndipo anandifunsa chimene ndataya. Mawu anatuluka ochepa, ndikuyang'ana pansi. Ndinawafunsa ngati moto wa m'waya umamasulitsa.

Sanaseke. Anasiya mkeka, anakhala pa benchi, nandiuza kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Ndinafotokoza za sola, za msomali, za waya wofiira ndi wakuda. Anafunsa ngati pawayapo panali madzi kapena shuga. Anafunsa ngati kachidutswa kalikonse kanatsalira m'kamwa. Anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya mpango.

"Unameza kanthu?"

"Ayi, amwalimu. Ndinalavula."

"Mayi wophika futali amalawa mchere ndi nsonga ya lilime n'kulavula, ndipo swaumu yake, kumanga kuja, imakhala ilipo. Yakonso ilipo, yathunthu. Koma lilime limenelo usaliike pa waya wa magetsi a m'nyumba, wamva? Amenewo salawitsa."

Ndinathamanga mpaka kunyumba, mchenga ukundimenya m'miyendo, ndipo tsiku la Idi ndinavala diresi langa ndikudziwa kuti mwezi wonse ndi wanga.

Sukulu sindinapite nayo patali; ndinalekera ku pulayimale. Achemwali anakhoza, ndipo kakyuleta ija ili kwa mwana wa amjomba, chingwe chake chikadali chotuluka pabowo lomwelo. Manja anga anasunga zimene anaona. Tochi kapena kawailesi ka aneba kakafa mabatire, amabwera nako pakhonde panga, ndipo ndimakalumikiza mawaya, mwana wanga ali kumsana.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Abiti Yusufu anakhala pansi chifukwa mlandu wanga unali wovuta, woti ngakhale munthu wophunzira ayambe waganiza. Ndinakula n'kudziwa kuti pa msinkhu umene ndinali, kumanga sikunali lamulo kwa ine. Achemwali ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anapempha lilime langa osati lawo. Amwalimu nawonso ankadziwa, ndipo akanatha kungonena kuti ndine mwana, ndizipita kukasewera. Iwo anasiya mikeka yawo, nandifunsa mafunso onse amene akanamufunsa munthu wamkulu.