Omeleti ya ku Golomoti ndi Thadzi la Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Fabiyano, ananditenga ku Golomoti kokagulitsa mpunga. Msika utatha tinalowa m'kalesitilanti kena ka malata, ndipo anandigulira omeleti. Mazira, anyezi, tomato, mafuta ochita kunyezimira, zonse zitapindidwa ngati kalata. Kwathu mwana sankalawa dzira, ati angadwale khunyu. Bodza la akuluakulu adyera limenelo, koma tizisiye.

Ndinabwerera kumudzi nditasanduka bwana. Amayi atapakula therere, ndinakankha mbale.

"Ku Golomoti anthu sadya zoterera zoterezi," ndinatero.

"Ndiye pita ukadye ku Golomotiko," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Chaka chimenecho chitopa chinali chitasesa khola lathu lonse. Linatsala thadzi limodzi lamawangamawanga, ndipo linkafungatira mazira asanu ndi anayi m'dengu lakale kuseri kwa nkhokwe. Amayi ankalisuzumira m'mawa uliwonse asananyamule khasu. Khola lawo latsopano linali m'mazira amenewo.

Tsiku lina onse ali kumunda, ndinalipitikitsa thadzilo ndi ndodo n'kutenga mazira onse. Anali ofunda. Chiwaya tinalibe, choncho ndinateleka phale lokazingira chimanga. Nditaswa dzira loyamba munatuluka magazi ndi kanthu konyowa, kamlomo ndi timiyendo. Kanagwedezeka. Mwana wanzeru akanalekera pomwepo. Ine chitsiru ndinapsa mtima, ndinati limeneli n'lowonongeka, labwino lili kutsogolo. Ndinaswa lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chinayi.

Amayi anandipeza ndili chilili pa mafuwa, thadzi likuzungulira bwalo uku likulira. Ndinadikira mbama, koma sinabwere. Anatulutsa mpando wa abambo, n'kundikhazikapo. Anakokolola zonse za m'phale muja, n'kuziika m'mbale ya alendo, kenaka anagwada.

"Idyani, bwana," anatero. "Kapena tikuitanireni weita?"

Fungo la nthenga zopserera linandikwera m'mphuno. Ndinasanza pamapazi panga pomwepo, mlongo wanga Agnesi akuseka mpaka kugudubuzika.

Chimene sindiiwala n'chakuti thadzi lija linabwerera m'dengu mwake. Linakhalira dengu lopanda kanthu masiku angapo, losafuna kudya, ine ndikulambalala nkhokwe ngati pamanda. Lisanaikirenso, vumbwe analigwira. Mpunga unakololedwa kawiri pakhomo pathu pasanamveke kulira kwa mwanapiye.

Lero omeleti ndimadziwa kuiphika, si nkhani yoti munthu n'kudzitama nayo. Koma akandikhalira patebulo mnyamata woti wangogona ku Lilongwe sabata imodzi, n'kuyamba kukwinya nkhope pa ndiwo za mayi ake, magazi amandiwira, ndipo ndimamuuza pamaso kuti atuluke. Chitsiru chamtundu umenewo ndimachidziwa bwino. Ndinachionapo chitagwira dzira lachisanu ndi chinayi, chikuyembekezabe kuti muli omeleti.